Ndithandizeni kumva mayina a zitsulo pa koteshoni ya shedi ya mbatata

Mlimi wa ku Bembeke walemba:

Akuluakulu, ndili ndi mapepala awiri pano omwe andisowetsa tulo sabata yonse.

Ine ndimalima mbatata ya kachewere ndi nyemba kuno ku Bembeke, komanso ndimapikula kwa anzanga n'kumasunga podikira malole a ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Shedi yomwe ndinali nayo idali ya mitengo ya bulugama ndi matabwa a paini, ndipo idatithandiza zaka 9. Chiswe chidalowa m'mizati chapansi ife osadziwa, poti kunja imaoneka yabwinobwino. Mvula yoyamba ya chaka chatha itabwera ndi mphepo, mbali ya kum'mawa idagwada, denga n'kukhala pa matumba. Mulungu adatichitira chifundo, mudalibe munthu, koma matumba 40 a mbewu adanyowa ndipo ambiri adaola.

Pano ndaganiza zomanga ya zitsulo, mamita 12 m'lifupi ndi 24 m'litali, yoti lole izilowa chafutambuyo n'kupakira m'kati. Amisiri awiri andipatsa makoteshoni. Woyamba pepala lake ndi la mizere 6 basi: zitsulo, malata, marodi, penti, simenti, leba. Wachiwiri walemba masamba awiri, ndipo mtengo wake waposa wa mnzakeyo ndi ndalama yogula ng'ombe ziwiri zazikulu. Pa pepala lachiwirili pali column, base plate, holding down bolts, truss, gusset, purlin, cleat, sag rod, girt ndi cross bracing. Pena walemba 125x50x20x2, pena 50x50x5, pena M16 8.8. Chingerezi chowerenga kalata ndimachitha, koma ichi ndi chinenero china.

Nditamuonetsa mmisiri woyamba pepala la mnzakeyo, adati zambirizo n'zokongoletsa chabe, makamaka cross bracing ndi sag rod. Adati mabawuti okwirira mu konkire n'kutaya ndalama, iye amangoimika chitsulo m'dzenje n'kuthira konkire, basi chagwira. Adatinso ma truss atalikirane mamita 6 osati 4 monga walembera winayo, popeza zitsulo zimabwera za mamita 6 kale, sipakhala zidutswa zotaya. Ma purlin ake akuti ndi a square tube, mapaipi a makona anayi aja, koma kukhuthala kwake sadalembe.

Munthuyu amalankhula bwino ndipo mageti omwe adapangira anthu kuno ndi okongola. Koma geti si denga.

Ndiye ndifunse: mayinawa akutanthauza chiyani m'chilankhulo chathu, ndipo n'chiti chomwe ndingachotsepo osadzalira nacho? Ndalamayi ndi ya mbatata ya zaka zitatu, ina ndi yomwe mayi a kunyumba adagawana ku banki m'khonde. Sindikufuna kudzawauza kachiwiri kuti denga lagwa.

Wowotcherera wa pa Ntcheu boma wayankha:

Wawa bambo a ku Bembeke. Pepani ndi za matumbazo.

Ine ndidagwira ntchito yoimika zitsulo ku Joni zaka 11 ndisanabwerere kuno kwathu, ndipo mayina amenewa adandizunguza mutu nanenso poyamba. Chidandithandiza ndi chigafa cha fodya cha amalume anga, chomwe tinkachikonza chaka ndi chaka ndili mnyamata. Pafupifupi chilichonse chili pa pepala lanulo chili ndi mbale wake pa chigafa.

Column ndi mphanda ija, mzati woimirira. Truss ndi mtanda pamodzi ndi mapaso ake awiri, kungoti ife timazilumikiza zili pansi n'kuzikweza zathunthu. Chitsulo chapamwamba chotsetsereka timati top chord, chapansi chogona ndi bottom chord, ndipo pakati timaikamo tizitsulo topendekeka togawa mpata wonse m'timakona titatutitatu. Pomwe tizitsuloto takumana pamakhala kachitsulo kafulati, ndiye gusset ameneyo. Ntchito yake n'kupereka malo okwanira owotcherera. Popanda iyeyo zitsulo zitatu zimangogundana nsonga, pogwirana pake n'kukhala pongofanana ndi chikhadabo. Purlin ndi nsungwi zija timapingasa pa mapaso kuti timangirirepo udzu, apa ndi pomangira malata. Cleat ndi kachidutswa ka angle iron, chitsulo chooneka ngati L chija, kowotcherera pamwamba pa truss, komwe purlin imatsamirapo n'kumangidwa ndi bawuti. Girt ndi purlin yomweyo koma ya m'khoma, ngati khomalo ndi la malata. Sag rod ndi kachitsulo kowonda kolumikiza ma purlin pakati pa mpata, kuti asapotoke n'kulendewera motsata kutsetsereka kwa denga.

Tsopano pa cross bracing ndi pomwe ndikufuna tikhale pansi pang'ono.

Tengani timitengo tinayi, mukhome msomali umodzi pakona iliyonse ngati felemu ya zenera. Kankhani ndi chala, muona kagona. Mukhomepo kachisanu kuchoka pakona ina kukafika pakona yoyang'anana nayo, mukankhenso, simukagonetsa ayi. Nkhani yonse ya zitsulo yagona pamenepo. Truss ikagwirana bwino ndi mizati yake iwiri, ndi tizitsulo tochirikiza pakona timene timati knee brace, imalimbana ndi mphepo yowomba m'mbali mwa shedi. Koma mphepo ikawombera kukhomo, motsata kutalika kwa shedi, ma truss anu 7 ali ngati njerwa zija ana amaimika mondondozana n'kukankha yoyamba. Ma purlin saletsa kanthu, amangothandiza kuti zonse zigwere limodzi. Chomwe chimaletsa ndi zitsulo zopingasana ngati X, mu mpata woyamba ndi wotsiriza, kudenga komanso m'makoma. Pa chigafa tinkati mchirikizo, ndipo chaka chomwe tidachita ulesi osaika, chigafa chidagona ndi fodya yense. Pa mtengo wa shedi yonse bracing ndi kanthu kochepa, ma angle iron owerengeka chabe. Mmisiri wonena kuti n'chokongoletsa sadaonepo shedi ikugwa.

Za mabawuti apansi. Ambirife timaganiza kuti ntchito ya mzati n'kusenza denga basi. Denga la malata ndi lopepuka kwambiri, ndipo mphepo ikamadutsa pamwamba imalikoka kukwera nalo, makamaka m'makona ndi m'mphepete. Ndiye nthawi ya mkuntho mzati umakhala ukukokedwa ngati chinangwa chozula. Base plate ndi chitsulo chafulati chochindikala chowotcherera kunsi kwa mzati, chili ndi mabowo, kawirikawiri anayi. Holding down bolts ndi mabawuti aatali, okhota kunsi ngati mbedza kapena okhala ndi kapuleti, omwe amakwiriridwa mu konkire ya maziko, mazinga okha n'kuonekera pamwamba. Sikuluwu igwire purlin, purlin igwire cleat, truss igwire mzati, mzati ugwire mabawuti, mabawuti agwire konkire yolemera yomwe mphepo singainyamule. Pomwe mwaumira ndalama ndi pomwe padzadukire.

Kuimika chitsulo m'dzenje ine ndimakana. Madzi amaima pomwe chitsulo chalowera mu konkire, dzimbiri n'kumadya malo omwe aja chiswe chidadya bulugama wanu, ndipo simuona mpaka chitadukiratu. Komanso mzati ukapendekeka konkire itauma mulibe pokonzera, pomwe wa mabawuti mumausuntha pang'ono n'kuika tizitsulo kunsi mpaka uongoke.

Zochotsa zilipo. Ngati makoma mumanga a mabuloko mpaka pamwamba, ma girt achoke. Malata akhale oyera osati amitundu. Ma gutter, ngalande zolandira madzi a padenga zija, ndi chitseko chachikulu chotsetsereka zikhoza kudikira mbatata ya chaka chamawa. Zikavutabe, fupikitsani shedi ndi mpata umodzi. Koma bracing, gusset ndi mabawuti apansi musakhudze.

Mayi wa chigayo, pa Lizulu wayankha:

Bambo, mverani zomwe anena achikulirewa. Ine ndidamva mochedwa.

Nyumba ya chigayo changa adandimangira mnyamata wina wodziwa kuwotcherera mawindo, ndipo mtengo wake udandisangalatsa. Idakhala chaka ndi miyezi. Tsiku lina mu December, cha m'ma 2 koloko masana, kudada mbali ya ku Mozambique, mphepo n'kubwera isanagwe mvula. Chitseko chachikulu chidali chotsegula poti anthu adali pa mzere ndi matumba awo. Mphepo idalowera pakhomopo, ilibe potulukira, ndipo ndidaona ndi maso angawa denga likutukuka ngati chivundikiro cha poto wowira, kenako kuwala kudalowa m'chigayo monse. Amayi adathawira pansi pa tebulo la sikelo ndi ana awo. Mpaka lero ndikamva malata akulira usiku ndimadzuka.

Malata ena tidakawatola m'dimba la kabichi la anzathu, ndipo kabichiyo ndidalipira. Mota idanyowa, chigayo chidaima masabata 5.

M'mawa mwake ndidayenda n'kumaona zomwe zidatsala. Mizati iwiri idazuka yathunthu, kunsi kwake kuli kachibuluma ka konkire kongofanana ndi ndowa. Pomwe truss idagwirana ndi mzati padali timadontho titatu towotcherera, ngati phula la kandulo, pakati pake mpata woti ndidalowetsa nsonga ya mpeni. Zonsezo adazipaka penti yofiira ija ine ndisanazione, ndiye ndinkangoona zokongola.

Pomanganso ndidachita chinthu chimodzi chomwe ndikufuna nanunso muchite. Ndidawauza amisiri kuti asapake penti ndisanabwere. Ndinkapita ndi hamala yaing'ono, iwo n'kumagogoda nkhanambo yakuda ija imatsala pamwamba powotcherera, ine ndikuona. Pabwino pamaoneka mzere umodzi wosadukiza, wosalala ngati msoko wa telala waluso. Poipa pamakhala timabowo ndi timibulu. Adadandaula tsiku loyamba, koma adazolowera. Ndipo kukada kumwamba, chitseko chachikulu timatseka, anthu amalowera pa kakhomo kam'mbali.

Mnyamata wa zomangamanga, Dedza boma wayankha:

Zikomo akuluakulu. Zambiri zanenedwa kale, ine ndingothandizapo pa manambala, chifukwa kubera kwambiri kumachitikira pamenepo.

Manambalawo ndi mamilimita. 50x50x5 ndi angle iron ya mbali ziwiri za 50, kukhuthala kwake 5. 125x50x20x2 ndi purlin yooneka ngati C, imene timati lipped channel: msinkhu 125, mapiko 50, timilomo topindikira m'kati 20, kukhuthala 2. Nambala yotsirizayo ndi yomwe muziyang'anitsitsa. Mukaona chitsulo chooneka ngati I cholembedwa 203x133x25, pamenepo 25 si kukhuthala koma makilogalamu pa mita iliyonse. Zitsulo za I zimagwira ntchito pa mizati, komanso pa mtundu wina wa shedi wopanda truss umene timati portal frame, pomwe mzati ndi phaso zimamangidwa ndi mabawuti pa bondo lolimbitsidwa lotchedwa haunch. Umenewo umasiya mpata wambiri kumwamba, koma zitsulo zake n'zolemera, kukweza kwake ndi manja n'kovuta. Pa mamita 12 kumudzi truss ili bwino.

Bambo, inu muli ndi chida chomwe makasitomala ambiri alibe: sikelo ya mbatata. Angle iron ya 50x50x5 imalemera pafupifupi makilogalamu 3.8 pa mita, ndiye yathunthu ya mamita 6 izikwana 22 ndi theka. Ya 50x50x3 imathera pa 14. Ndi maso, zitapakidwa penti zili kudenga, simungazisiyanitse. Pa sikelo sizibisala.

M16 ndi bawuti ya mamilimita 16, sipanala yake ndi 24. 8.8 ndi mphamvu ya chitsulo chake, ndipo imadindidwa pamutu pa bawutiyo. Za 4.6 kapena 4.8 n'zofewa poyerekeza, ndipo zopanda chidindo chilichonse musalole polumikiza truss ndi mzati.

Pa za mamita 6 ndisiyane pang'ono ndi mmene ena angamvere. Mpata wa mamita 6 pawokha si tchimo, mashedi ambiri aakulu ali choncho. Koma mpata ukakula, purlin iyenera kukula, truss iliyonse imasenza denga lochulukirapo, mizati ndi maziko nazonso zikule. Mmisiri wanu woyambayo wachepetsa ma truss kuchoka pa 7 kufika pa 5, koma purlin waika square tube yosadziwika kukhuthala. Yopyapyala ija ya mageti pa mamita 6 imawerama munthu mmodzi akangopondapo, madzi n'kumaima pa malata. Mufunseni alembe saizi ya chitsulo chilichonse. Akakana, mwadziwa.

Malata: nambala ya geji ikamakwera malata amapyapyala, 28 ndi yokhuthala kuposa 32. A IBR, amizere ya makona aja, limodzi limaphimba mamilimita 686 mukawaphatikiza, ndiye mutha kuwerenga nokha kuti pakufunika angati. Masikuluwu a padenga alowe pamsana pa mzere osati m'ngalande yodutsa madzi, akhale ndi washala wa labala, ndipo m'mphepete ndi m'makona awachulukitse.

China chomwe sichili pa mapepala onse awiri, koma kwa inu n'chachikulu. Kuno ku Dedza June ndi July mukudziwa mmene kumazizirira usiku. Mbatata imapuma, imatulutsa chinyezi, chinyezicho chikakumana ndi malata ozizira chimasanduka thukuta n'kumadonthera pa matumba m'bandakucha. Pakufunika potulukira mpweya pamsana pa denga, mipata ya waya m'makoma chapansi ndi chapamwamba, ndipo ngati ndalama ilola, pepala lonyezimira lija kunsi kwa malata. Malata oonekera kuwala musaike mbali ya mbatata yogulitsa chifukwa imabiriwira, kuwala pang'ono kumafunika kwa yambewu yokha. Fetereza asatsamire mizati, amadya chitsulo msanga. Maziko a mzati uliwonse atukuke pang'ono pamwamba pa simenti yapansi kuti madzi asafike pa base plate.

Pomaliza, ndipemphe ndithu: mamita 12 si khonde. Saizi ya zitsulo ndi kukula kwa maziko zimadalira dothi lanu, msinkhu wa shedi ndi mmene malowo alili poyera, ndipo ku Bembeke n'kumtunda, mphepo siyamba ndi kupempha. Pezani injiniya wolembetsedwa aone pulaniyo, ndipo mufunse kukhonsolo ngati malo anuwo akufunika chilolezo. Ife pano tikhoza kumasulira mayina, koma kuwerengera kwake kumafuna munthu wosayina dzina lake.

Mlimi wa ku Bembeke wabweranso:

Zikomo kwambiri nonse. Amayi a pa Lizulu, nkhani yanu ndidawawerengera mayi a kunyumba, adangogwira pakamwa. Pepani ndithu.

Loweruka ndidakweza sikelo yanga pa galimoto ya mnzanga n'kupita nayo kogulitsa zitsulo. Anyamata a pamenepo adadabwa, koma adandilola. Angle iron yoyamba yomwe adanditulutsira, akuti ndi ya 5, idakwana makilogalamu 18 okha. Nditaonetsa nambala, adapita kuseri n'kubweretsa ina, imeneyo idafika 22 ndi mfundo zake. Mtengo wake udali wosiyananso. Ndidaima pamenepo kwa kanthawi ndikuganiza za ma truss 7 onse.

Mmisiri woyamba ndidamupempha kuti alembe masaizi. Adati abwera nazo Lachiwiri, lero ndi Lachisanu. Sindikumuda, geti la shediyo mwina adzapanga ndi iyeyo. Wachiwiri tidakhala naye pansi maola awiri. Tagwirizana kuti shedi ikhale mamita 20 osati 24, mipata 5 ya mamita 4, mbali yakumbuyo tisiye moti n'kudzawonjezera. Ma gutter adikira. Makoma akhala a mabuloko theka, kumtunda malata, ndiye ma girt achepa. Bracing yonse yatsala, ndipo iye mwini ndi amene watchula injiniya yemwe amagwira naye ntchito, akuti abwera kudzakumba pang'ono aone dothi.

Funso lina laling'ono. Maenje a maziko ndikufuna akumbe ana anga ndi a mlongo wanga kuti leba ichepe, konkire tithire ndi bilidala wa m'mudzi muno. Mabawuti apansiwo tingaike tokha, kapena tidikire mwini zitsulo?

Wowotcherera wa pa Ntcheu boma wayankhanso:

Kukumba akumbe anawo, palibe vuto, bola atsate kuya komwe anene injiniya. Koma tsiku loika mabawuti mwini zitsulo akhalepo ndi tepi yake. Mabawuti akaphonya ndi mamilimita 20 okha, base plate silowa, ndipo anthu amayamba kukhotetsa mabawuti ndi hamala kapena kukulitsa mabowo ndi moto. Ndidazionapo kangapo, zimawawa mtima.

Apange thabwa la mabowo anayi lofanana ndendende ndi base plate, limodzi pa dzenje lililonse. Mabawuti amangidwe pa thabwalo ndi manati, thabwa likhomedwe pa zikhomo kuti lisasunthe pothira konkire ndi potsendera. Mazinga muwakulunge ndi pulasitiki, simenti ikaumirapo nati siyenda.

Musanathire kanthu, kokani zingwe. Mbali zikhale 12 ndi 20 kuyeza pakati pa mzati kufika pakati pa unzake, kenako muyeze mopingasa kuchoka pakona kufika pakona yoyang'anana nayo, mbali zonse ziwiri. Zonse zikwane mamita 23.32. Zikasiyana, sunthani zikhomo mpaka zifanane. Mukathira, muzithirira madzi m'mawa ndi madzulo n'kuphimba ndi matumba akale a mbatata, ndipo mizati isaimikidwe masiku 7 asanakwane, konkire imafika pafupifupi mphamvu yake yonse pa masiku 28. Tsiku lokweza, ayambire mpata wokhala ndi X uja, aumange wonse ulimbe, ma truss enawo azitsamira pa umenewo. Asaweruke madzulo truss ili chiimire yokha yopanda chingwe.